Zomba Ilibe Myuziyamu, Koma Taonani Zimene Yaposa Nazo Anzake

Mukatsika minibasi pa depoti ya Zomba n'kuuza wakabaza kuti akusiyeni ku nyumba yoonetserako zojambula ndi zosema, ayamba wakuyang'anani kaye, kenako akufunsani ngati mukunena ku Chanco (Chancellor College) kapena kwa anyamata ogulitsa ziboliboli. Sakulakwa. Boma lili ndi myuziyamu ku Chichiri mu Blantyre, ku Mangochi ndi ku Mzuzu. Ku Karonga kuli ija ya mafupa a Malawisaurus, ku Mua kuli ya Akatolika yodzaza ndi zigoba za gule wamkulu. Mzinda wa Zomba, umene unali likulu la dziko kuyambira 1891 mpaka 1975 n'kusungabe Nyumba ya Malamulo mpaka 1994, ulibe nyumba ya zaluso yotere. Chodabwitsa n'chakuti mukayamba kuwerenga zimene Amalawi anayambira kuchita pa zaluso, kapena zimene zinafika patali kuposa zina zonse, dzina la Zomba limangobwerezabwereza. Zinachitikira m'ndende, m'makalasi, pabwalo la amfumu ndi m'mbali mwa msewu wokwera phiri.

Ndende ziwiri

Tiyambire pamene palibe angatsutse. Chimbale choyamba cha kuno ku Malawi kusankhidwa kuti chikapikisane nawo pa mphoto za Grammy sichinajambulidwe ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Chinatuluka kuseri kwa mpanda wa ndende yaikulu ya Zomba, ija imakulonjerani mukamalowa mumzinda kuchokera ku Blantyre. Ndendeyi inamangidwa mu 1935, ndipo ndi kumene amasungako anthu a milandu ikuluikulu. Atsamunda anaimangira anthu mazana owerengeka, koma pamene Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli ankalowamo ndi makina ojambulira mawu mu 2013, munali mutapanikizana anthu oposa 2,000.

Kuchigawo cha abambo anakapezako bandi yokhazikika kale, ya magitala ndi ng'oma, akaidi ndi asilikali a ndende akuimbira pamodzi. Kwa amayi kunalibe zida zoterozo. Iwo ankaimba ndi kuvina pagulu, ndipo poyamba ankati kupeka nyimbo si mbali yawo. Koma chimbale cha I Have No Everything Here chitatuluka mu Januwale 2015, gawo lalikulu la nyimbo 20 zimene zilimo linali la amayi omwewo. Zina sizikwana n'komwe mphindi imodzi: munthu mmodzi, mawu okhaokha, kudandaula za mwana kapena za kusungulumwa, basi yatha. Mukamamvetsera mumadikira kuti vesi yachiwiri ibwera, osabwera.

Ku Los Angeles mu Febuluwale 2016 chimbalechi chinaima pamzere umodzi ndi Gilberto Gil wa ku Brazil, Ladysmith Black Mambazo a ku South Africa, Anoushka Shankar, ndi Angélique Kidjo wa ku Benin, amene anatenga mphotoyo. Eni nyimbo usiku umenewo anagona m'maselo mwawo ngati masiku onse. Chaka chomwecho kunatuluka chimbale chawo chachiwiri, I Will Not Stop Singing.

Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Brennan sanali mlendo wamba: anali atapata kale Grammy ndi gulu la Tinariwen la ku Mali, komanso ndi yemwe anatulukira Malawi Mouse Boys. Komabe manyazi alipo ndithu. Mawu amenewa anali pompano zaka zonsezi, mtunda woyenda wapansi kuchokera ku yunivesite imene imaphunzitsa zoimbaimba, ndipo ambiri a ife tinayamba kuwafunafuna atatchulidwa kaye ku America. Ndende yomweyi ndi imene mayi Rose Chibambo, aja ali pa K200, anatsekeredwamo ndi khanda lawo mu 1959, ndiponso ndi mmene a Orton Chirwa anamwalirira mu Okutobala 1992.

Ndende inayo ndi Mikuyu, kunja kwa mzinda, ndipo inasunga mlakatuli wa ku Malawi wodziwika kunja kuposa onse. A Jack Mapanje anali m'gulu la amene anayambitsa Writers' Group ya ku Chancellor College mu 1970, limodzi ndi anzawo monga a Lupenga Mphande ndi aphunzitsi a David Kerr ndi a Landeg White. Gululi linkakumana sabata ndi sabata, wina n'kubwera ndi ndakatulo yotayipa, anzake n'kuipeta mopanda chisoni. Popeza makutu a boma anali paliponse, anthu anazolowera kulankhula mophiphiritsa, kubisa nkhani ya lero m'nthano ya makedzana. Buku la a Mapanje la Of Chameleons and Gods linatuluka ku London mu 1981, ndipo pofika 1985 linali litachotsedwa m'masukulu ndi m'mashopu. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi anawapeza ku Gymkhana Club mu Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, n'kupita nawo. Anakhala ku Mikuyu zaka 3, miyezi 7 ndi masiku 16 osauzidwa mlandu, osaonekera kukhoti. Mu 1988 mphoto imene anapatsidwa ku Rotterdam anakawalandirira ndi Wole Soyinka. Anatuluka mu Meyi 1991, ndipo ndakatulo zimene ankapeka n'kumasunga m'mutu ali mkati zinadzatuluka mu 1993 m'buku lotchula dzina la ndendeyo pachikuto.

Chipewa cha Chilembwe

Pa zosema ndi zojambula, palibe wophunzira wa ku Zomba amene wakwera pamalo oonekera ngati a Samson Kambalu. Anabadwa mu 1975, anadutsa ku Kamuzu Academy, n'kudzamaliza maphunziro a zaluso ku Chancellor College mu 1999. Mu 2000, akadali pakolejipo, anachita chimene ambiri amachiwerenga ngati chionetsero choyamba m'Malawi cha luso loti chachikulu ndi ganizo lake, osati kukongola kwa chinthucho. Anatenga mipira ya miyendo, n'kuimata masamba a Baibulo mbali zonse, n'kuiika poti aliyense wobwera aimenye. Anaitcha Holy Ball. Taganizani: Zomba wa matchalitchi ndi mizikiti, koleji imene madzulo makalasi amasanduka malo a mapemphero, ndiye wina akukupatsirani mpira wolembedwa mawu a m'Buku Lopatulika kuti muubweze ndi phazi. Ena anausewera, ena anaona kuti ndi mwano wosaneneka. Onsewo anali atalowa kale m'chionetserocho, chifukwa chimene mwini wake ankafuna kuona chinali chomwecho, phazi likamakayika.

Patapita zaka 22, pa 28 Sepitembala 2022, ku Trafalgar Square pakati pa mzinda wa London anavundukula ntchito yawo yotchedwa Antelope, pa nsanja ija imene amasinthapo zosema za akatswiri osiyanasiyana. Anaitenga pa chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa potsegulira tchalitchi chatsopano cha a John Chilembwe ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pomwe a Chilembwe aima ndi mmishonale wachizungu John Chorley. A Kambalu anamusiya Chorley pa msinkhu wa munthu wamba, a Chilembwe n'kuwatalikitsa mpaka pafupifupi mamita 5, chipewa chili kumutu. Nkhani yagona pa chipewapo. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuchivula. Chaka chotsatira, mu Januwale 1915, a Chilembwe anaukira atsamunda, pa 3 Febuluwale anaphedwa, ndipo tchalitchi chija chinaphwasulidwa. Boma limene linalamula zimenezo linali ku Zomba. Ndiye mzinda womwewo unadzaphunzitsa mnyamata amene anakawaimika a Chilembwe pakati pa likulu la atsamundawo, ndipo anaima pamenepo mpaka 2024. A Kambalu pano ndi pulofesa ku Oxford.

Sanamere okha ngati bowa. Dipatimenti imene inawaphunzitsa yadutsamo anthu ngati a Berlings Kaunda ndi a Willie Nampeya pa zosema, malemu Kay Chiromo pa zojambula, kenako a Massa Lemu amene pano amaphunzitsa ku America, ndi a Eva Chikabadwa. Apa ndi pamene kusowa kwa nyumba kumawawa. Ophunzira amaonetsa ntchito zawo masiku ochepa, aphunzitsi n'kupereka malikisi, zinthu n'kubalalika: china kunyumba kwa makolo, china kwa mlendo wa ku ofesi ya kazembe, china chiswe. Mwana wa ku Masongola kapena ku Mulunguzi Secondary amene akufuna kuona ndi maso ake zimene Kay Chiromo ankajambula alibe khomo loti akagogode. Chonsecho m'mphepete mwa phiri muli nyumba zakale za boma, za makonde aakulu ndi zipupa zochindikala, zimene zingagwire ntchitoyi popanda kuumba njerwa ngakhale imodzi.

Kanema wamfupi kuposa onse, ndi wochuluka kuposa onse

Wamfupiyo ndi wa a Kambalu omwewo. Makanema awo amawatcha Nyau Cinema, ndipo limodzi mwa malamulo amene anadziikira n'lakuti kanema asapitirire mphindi imodzi. Amadzijambulitsa akuchita zachilendo m'misewu ya mizinda yakunja, zithunzi zake zothamanga ndi zothimbirira ngati za nthawi ya Charlie Chaplin, n'kumabwerezabwereza. Anaonetsedwa ku Venice Biennale mu 2015, chionetsero chimene pa zaluso palibe china chochiposa kutchuka. Eni ake amati izi anazitenga ku makanema amene ankaonera ali mwana, pamene woonetsa ankadula filimu n'kulumikiza zidutswa za makanema osiyanasiyana kuti anthu asagone.

Kanema anafika kwa anthu ambiri kuno pa galimoto. Central African Film Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1948, inkapanga makanema a anthu akuda a ku Rhodesia ziwiri zija ndi Nyasaland, ndipo galimoto za boma zinkayenda nawo m'midzi: nsalu yoyera, jenereta, ndi womasulira pa chimkuzamawu. Nkhani zake zinali za kulima mizere, ukhondo ndi kusunga ndalama ku positi ofesi. Titalandira ufulu kunabwera lamulo la mu 1968 loti kanema ndi sewero zizidzera kaye kwa ounika, ndipo wayilesi ya kanema sitinaione mpaka 1999. Mibadwo yathunthu inakula ikuona kanema mwa apo ndi apo.

Lero ngati pali malo amene amaonetsa makanema ambiri pa tsiku kuposa ena onse mu Zomba, si holo ya yunivesite ayi. Ndi vidiyo sho ya ku Chinamwali, ku Mpondabwino kapena ku Chikanda. Pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko, kanema wa m'mawa pamwamba, mpira wa ku England wa madzulo pansi. Chitseko ndi chiguduli kapena nsalu yakuda, mabenchi ndi a zigwagwa za matabwa, sipika imodzi yaloza kunja kuti woyenda mumsewu amve zibakera zikulira. Ana amene alibe ndalama amasuzumira pa mng'alu. Ndipo katswiri weniweni m'menemo ndi womasulira, uja amaika mawu a Chichewa pa kanema wa ku China, ku India kapena ku Nigeria. Satsata zimene osewerawo akunena. Amawapatsa mayina akuno, amawatumiza kumsika wa kuno, amatukwanitsa msilikali wa ku Hong Kong m'Chichewa cha m'tauni. Ophunzira amanyoza, koma ntchito imene munthu ameneyu amagwira ndi yomwe ija ankagwira womasulira wa pa galimoto ya boma, kungoti uyu alibe bwanamkubwa womuuza zonena.

Pa makanema aatali ulemu si wa Zomba. Woyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku mpikisano wa Oscar anali The Road to Sunrise wa a Shemu Joyah, mu 2018.

Sewero lopita kwa eni nkhani

Zimene myuziyamu za kunja zimadzitama nazo masiku ano, zoti luso lituluke m'nyumba lipite kwa anthu, Zomba inaziyamba kale. Gulu la Chancellor College Travelling Theatre linabadwa mu 1970, koleji isanasamuke ku Chichiri kubwera ku Chirunga, mu Zomba, mu 1973. Poyamba linkazungulira m'masukulu a sekondale ndi masewero a Chingerezi. Zinthu zinatembenuka mu 1981 pamene a Chris Kamlongera ndi a David Kerr anapita ndi ophunzira ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukachita zisudzo zoti munthu wakumudzi amve ndi kuyankhapo. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 njirayi inakhwimira ku Mwima ndi midzi ina ya kufupi ndi Liwonde, pa nkhani za umoyo: zitsime, zimbudzi, matenda otsegula m'mimba.

Kachitidwe kake n'kosavuta kufotokoza koma n'kovuta kuchita. Ophunzira amakagona m'mudzimo. Amatunga nawo madzi, amakhala nawo pa bawo, amamvetsera zimene anthu amadandaula akakhala okha. Kenako amaluka sewero lopanda pepala, n'kukalichitira pabwalo, anthu atazungulira, nyimbo zake zili za m'mudzi momwemo. Likafika pothina, wosewera amasiya mnzake n'kutembenukira kwa oonera: "Nanga inu amayi, pamenepa ndichite chiyani?" Mayiyo amayankha, wina amamutsutsa, amfumu amalowererapo, ndipo sewero limasanduka msonkhano. Kumbukirani kuti iyi inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu wamba sankafunsidwa maganizo pagulu. Kunena kuti chitsime chinaonongeka chifukwa akomiti anagona kunali kulimba mtima, ndipo sewero linkapereka pobisalira: wanena ndi wosewera, si ine.

Mbewu imeneyi inamera m'mabungwe a mu Zomba momwemo. CRECCOM, imene inakhazikitsidwa mu 1999 kuchokera ku kampeni ya GABLE yolimbikitsa atsikana kupita kusukulu, yatumiza ophunzira a zisudzo m'maboma ambiri ndi njira yomweyi. YONECO, ya mu 1997, inafika pokhala ndi wayilesi yakeyake. Art and Global Health Center Africa inawonjezapo kanema: pa ntchito yake ya Make Art/Stop AIDS, anthu amaonera filimu pabwalo, amakambirana, ofuna kuyezetsa magazi n'kuyezetsa pompo. M'zaka zaposachedwapa kwabweranso Zomba City Festival, imene imamwaza nyimbo, ndakatulo ndi zojambula m'malo osiyanasiyana a mzindawu m'malo mozitsekera pamodzi.

Ndinene pang'ono zimene ochita zisudzo amanong'onezana okha. Njirayi itakondedwa ndi mabungwe othandiza, masewero ambiri anayamba kufanana. Bambo woledzera, mayi wolira, namwino wanzeru amene amabwera kumapeto ndi yankho lolembedwa kale ku ofesi. Funso lija limafunsidwabe, koma wofunsayo amakhala akudziwa kale chimene akufuna kumva. Anthu akumudzi si ana, amazindikira msanga, n'kumangoyankha zokondweretsa alendo kuti nyimbo iyambirenso.

Zakale, zazikulu ndi kakang'ono

Chionetsero chakale kuposa zonse chimene chikadali chotsegula mu Zomba ndi cha mitengo. Munda wa Botanic unayambidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte, yemwe dzina lake linalowa m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, ndipo kuyambira 1987 uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo. Loweruka mumapezamo akwati akujambulitsa, pakati pa sabata ophunzira atagona pa kapinga ndi manotsi a mayeso.

Chapafupi pomwepo pali Masongola, nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe Hawes mu 1886, n'kudzakhalamo mtsamunda Harry Johnston. Pa ukale yagonja kwa Mandala House ya ku Blantyre, ya mu 1882. Johnston, kuwonjezera pa kulanda dziko, anali wojambula wophunzira bwino, ndipo pakhomopo ankawetapo nyama zakutchire zoti alendo aziona.

Nkhokwe yaikulu kuposa zonse, imenenso anthu wamba saiona kawirikawiri, ndi National Archives, imene inatsegulidwa mu 1947. Inayamba ndi bala, chifukwa moto wa mu 1919 unali utapsereza kale maofesi a boma ndi makalata ambiri a zaka zoyambirira. Lamulo limati aliyense wosindikiza buku m'dziko muno apereke kope kumeneko, choncho mabuku a Chichewa amene munawerenga ku pulayimale, aja simuwapezanso m'shopu, kwawo ndi ku Zomba. Amene amapitako kwambiri ndi ofufuza, ambiri a iwo ochokera kunja.

Kakang'ono kuposa onse kali panjira, pa Namaka, pakati pa Blantyre ndi Zomba: myuziyamu ya Mtengatenga, kanyumba kamene ankapumiramo anthu onyamula makalata wapansi pakati pa matauni awiriwa. Minibasi zimangodutsa pa liwiro.

Polowa mumzinda pali chipilala cha njerwa cha King's African Rifles, chokumbukira asilikali akuno amene anafera pa nkhondo za azungu. Chikumbutso chinanso cha asilikali omwewo sichimangidwa ndi njerwa. Ndi beni, gule amene anatengera perete wa asilikali, mayunifomu, maudindo ndi mluzu, n'kumavinidwa mpaka lero m'midzi ya Ayao ya ku Zomba, Machinga ndi Mangochi.

Pamwamba pa phiri

Malo ogulitsira zaluso okwera kuposa onse ali pa phiri la Zomba, limene nsonga yake ya Malumbe ili pa mamita 2,087. Mukamakwera kulowera ku Ku Chawe, ana amakuthamangirani ndi mbale za sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, ndipo chapamwamba pali timisasa ta zosema: mabawo, njovu zotsatizana, mipando ya mafumu ija imalowetsana matabwa awiri. Wosema amakhala pambali ndi sandipepa ndi polishi wa nsapato, akukometsa chimene agulitse mawa. Alendo otchuka kuposa onse amene anakwera kuno anasiya maudindo awo pa malo oonerapo chigwa: Queen's View, kumene anaima mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, kumene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Ma Rasta amakwerabe kukafika pamenepo.

Koma yang'anitsitsani patebulo la miyala. Pakati pa miyala yoyera ndi yotuwa pamakhala ina yakuda bii, yosongoka, yowala ngati yapakidwa mafuta. Akatswiri amaitcha aegirine, ndipo ya m'mapiri a Zomba ndi Malosa imawerengedwa m'gulu la yokongola kwambiri padziko lonse. Anthu amaikumba m'malo otsetsereka oopsa, n'kuitsitsa atakulunga m'manyuzipepala. Ikafika ku Ulaya ndi ku America imakhala m'makabati agalasi a osonkhanitsa miyala ndi a myuziyamu, pansi pake atalemba dzina la Malosa. Koma dzina la wokumba silikhalapo. Likulu la Geological Survey, nthambi ya boma yoona za miyala, lili mumzinda womwewu, pansi pa phiri.

Phirili linaperekanso nkhani imene yakhalitsa kuposa zonse m'zaluso za Zomba. Mu Disembala 1946 kunagwa mvula yoposa mamilimita 700 m'maola 36 okha. Mbali zina za phiri zinagumuka, madzi, matope ndi miyala zinatsikira mumzinda, milatho inakokoloka, anthu anafa. Azungu analemba za namondwe ndi kuchuluka kwa mvula. Eni dziko anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka kupita kunyanja chimasesa zonse za m'njira yake. A Paseli Brothers anaiika m'nyimbo imene mabandi akhala akuibwereza mibadwo yonseyi. A Steve Chimombo, amene anabadwira ku Zomba mu 1945 n'kudzaphunzitsa ku Chancellor College, anamutenga Napolo yemweyo n'kumusandutsa chophiphiritsira cha mphamvu imene imameza anthu popanda wofunsa, ndipo m'nthawi ya a Kamuzu owerenga ankadziwa okha kuti akunena chiyani. Buku lawo la Napolo Poems linatuluka mu 1987, chaka chomwe a Mapanje anatengedwa ku Gymkhana. A Chimombo anapitiriza kulemba ndi kusindikiza magazini ya zaluso ya WASI mu Zomba momwemo, ndipo anamwalira mu 2015. Napolo yekha sanapume: anatchulidwanso ku Phalombe mu 1991, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe.